Dokotala wogonetsa amene anasamalira amayi anga

Amayi anga, a zaka 78, anachitidwa opaleshoni ya m'mimba pa chipatala china kuno ku Johannesburg, ndipo amene ndikufuna kumuyamikira ndi dokotala wogonetsa. Usiku woti mawa opaleshoni anabwera kudzakhala nafe pabedi. Anafunsa za mankhwala a BP amene amayi amamwa, ngati amaiwalaiwala, ngakhale za mano awo oikirira. Mtima wanga unali m'mwamba, chifukwa abambo aang'ono atachitidwa opaleshoni anatha masiku atatu akubwebweta, osatizindikira n'komwe.

Dokotalayo anandifotokozera modekha kuti thupi la munthu wokalamba silifuna mankhwala ochuluka ngati la wachinyamata, ndipo akagonetsedwa mopitirira muyeso amatha kudzuka mutu utasokonezeka. Amayiwo anawamata pamphumi kalamba kakang'ono kolumikiza ku makina a BIS, amene amayeza mafunde a ubongo kuyambira 0 mpaka 100 posonyeza mmene munthu wagonera, nati ayesetsa kuti nambala ikhale pakati pa 40 ndi 60.

Nseru inawavuta atadzuka, komanso bilu ya wogonetsa inabwera payokha ndipo inandilemera. Koma madzulo omwewo amayi ananditchula dzina, nafunsa ngati ndabweretsa phala.