Bokosi lakale lathabwa kapena sipika yokhala ndi ampu mkati?

Mukamasula sipika yogula chaka chino ndi ija ya kutchalitchi yomwe yakhala ikulira kuyambira nthawi ya Kamuzu, mupeza zinthu zofanana: maginito, koyilo (waya wokulungidwa) ndi pepala lokankha mpweya. Kapangidweka anakalongosola ndi Chester Rice ndi Edward Kellogg a ku kampani ya ku America ya General Electric mu 1925, ndipo mpaka pano masipika ambiri akulirirabe pomwepo. Zimene zasintha ndi zozungulira koyiloyo.

Yakale imafuna ampu yapadera, chipangizo chopatsa mawu mphamvu. Bokosi n'lochindikala, maginito ndi a ferrite, ndipo poikweza pa pikiapu anyamata awiri amatuluka thukuta. Ampu yake, ya mtundu wotchedwa Class AB, imatentha chifukwa gawo lalikulu la magetsi limangothera m'kutenthako. Yamakono imakhala ndi ampu ya Class D mkati momwemo, imene imafikitsa ku sipika magetsi pafupifupi 90 pa 100 aliwonse. Zodulirapo zili ndi maginito a neodymium, omwe anatulukiridwa m'zaka za m'ma 1980, ang'onoang'ono koma amphamvu. Kwa woimbitsa pa jenereta kapena pa sola, apa yatsopano yapambana, palibe zokangana.

Ilinso ndi kaubongo kotchedwa DSP, komwe kamagawa mawu ndi kuletsa voliyumu kupyola malire. Amene munaonapo MC wa pachinkhoswe akukuwa nthawi ya pelekanipelekani, DJ naye akukwezabe, mpaka fungo la koyilo yopserera litamveka, mukudziwa phindu lake.

Koma nkhani imatembenuka tsiku limene chinthu chafa. Sipika yakale ikapsa, mmisiri wa mumsika amachotsa pepala, n'kukulunga waya watsopano, n'kumata. Loweruka ili kale ku ukwati wina. Ampu ikafa mumabwereka ya mnzanu n'kulumikiza mawaya awiri. Yamakono, magetsi akabwera mwamphamvu n'kuotcha bolodi ya ampu, bokosi lonse limangoti zii ngakhale koyilo ili bwinobwino. Bolodiyo nthawi zambiri ndi ya mtundu wokhawo, yoyenera kuitanitsa kunja, ndipo ngati kampani inasiya kupanga, mwatsala ndi chokhalira chodula.

Pali chinanso chakale chomwe achinyamata amachiseka: chimkuzamawu cha lipenga, chija cha pamzikiti, pamsonkhano ndi pagalimoto yolengeza. Lipenga limasonkhanitsa mawu n'kuwaponya mbali imodzi, choncho mawati ochepa amafika patali. Injiniya wa ku America, Paul Klipsch, anagwiritsa ntchito nzeru yomweyi pa sipika yake ya Klipschorn ya mu 1946, yomwe ikupangidwabe. Masamu ake ndi awa: sipika ikaposa inzake ndi 3 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu) pa wati imodzi, inayo imafuna mawati owirikiza kawiri kuti ifanane nayo, zikasiyana ndi 10 dB, kakhumi. N'chifukwa chake ziwerengero zikuluzikulu za mawati zolembedwa pa katoni sizindigwira mtima. Besi mu lipenga laling'onolo musayembekezere, koma ulaliki wa pabwalo umamveka mpaka kutsidya kwa dambo pa batire ya galimoto.

Kwaya ya m'tauni yoyendayenda, kapena holo yopanda munthu wodziwa za mawu, igule yamakono, ndipo isaiwale choteteza magetsi. Koma wochita geni yobwereketsa zoimbira kumaboma, kutali ndi masitolo a zipangizo, ine ndingamuuze asunge mabokosi akewo, angosinthako ampu n'kuika ya Class D.