Inokulanti, feteleza kapena manyowa: pa soya tidalire chiti?

Chiyambireni nyengo yokonza minda, anzanga a m'gulu lathu kuno ku Mchinji akhala akundifunsa funso limodzimodzi: kodi kapaketi ka inokulanti nkofunikadi, kapena angothira feteleza basi? Ndati ndiyankhe kamodzi pano, poti zonse zitatu ndaziyesapo, ndipo chimodzi chinandiliza.

Choyamba timvetsetsane kuti inokulanti si mankhwala, si fetelezanso. Ndi ufa wakuda womwe timapaka ku mbewu ya soya tisanabzale, ndipo ndi pogona pa tizilombo tamoyo tosaoneka ndi maso, ta mtundu wa Bradyrhizobium. Tikalowa m'mizu ya soya timapanga timibulu, ndipo tili m'menemo timakoka nayitrojeni wa mu mpweya nkumadyetsa mbewu. Mpweya womwe timapumawu, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitrojeni, koma palibe chomera chomwe chingamugwire pachokha. Mtedza, khobwe ndi nandolo zimapeza tizilombo take m'dothi lathu lomweli. Soya ndi mlendo wochokera ku China, ndiye m'minda yambiri kuno tizilombo tomuyenera ndi tochepa kapena mulibiretu.

Tsono nkhani yanga. Chaka china ndinachedwa kugula, mvula yoyamba itagwa kale, ndipo ndinalowa m'sitolo ina ya pa msika wathu. Mapaketi anali pa shelefu yapamwamba, pafupi ndi malata, pomwe dzuwa la Okutobala ndi Novembala linali litawaphika masabata onse aja. Tsiku lothera ntchito linali lofufutika. Ndinafunsa, wogulitsa anati, "Achimwene, ameneyu ndi watsopano, wafika dzana." Ndinakhulupirira. Kunyumba ndinachita zonse monga alangizi amanenera: ndinanyowetsa mbewu ndi timadzi ta shuga, ndinasakaniza pamthunzi, ndinabzala tsiku lomwelo.

Patatha masabata asanu ndi limodzi munda unali wachikasu ngati wagwidwa matenda. Ndinazula mapesi angapo mosamala ndi khasu, nkutsuka mizu m'ndowa. Mizu inali yosalala, timibulu tiwiri titatu basi, ndipo nditang'amba ndi lezala mkati munali moyera. Kamene kakugwira ntchito kamakhala kofiirira mkati ngati nyama yaiwisi. Munda wa mlamu wanga, kungodumpha malire, mizu inali ndi timibulu thoo, tofiira tokhatokha. Mbewu yofanana, mvula yofanana.

Chinandipweteka si ndalama ya paketi, yomwe ndi yochepa poyerekeza ndi thumba la feteleza. Ndi yakuti paketi yakufa ndi yamoyo zimaoneka chimodzimodzi, sizinunkha mosiyana, ndipo ukamazindikira nthawi yobzalanso yapita. Ndinaluza aganyu, ndinaluza nyengo yonse, chimanga chomwe ndinabzala pamenepo chaka chotsatira sichinapezepo chonde chomwe ndinkayembekezera. M'sitolo imene ija sindinapondemonso, ngakhale kukagula machesi.

Feteleza alibe vuto limenelo, ndivomereze. Thumba likhoza kukhala padzuwa, silifa. Yuriya ali ndi magawo 46 pa 100 a nayitrojeni ndipo masamba amabiriwira msanga. Koma pa soya ndi ndalama yotaya, komanso amasokoneza: mbewu ikapeza nayitrojeni wambiri wosavutikira, imaleka kupanga timibulu. Chimene soya amafunadi m'thumba ndi fosifolasi, choncho wokulitsa pang'ono pobzala amathandiza, wobereketsa ayi.

Manyowa ndi nkhani ina, ndipo apa mtima wanga umakondera, sindibisa. Kompositi, ndowe zowola bwino, ngakhale wa Mbeya amene timasakaniza gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono nkumusunga masiku 21, sabweretsa tizilombo ta soya ayi. Amene akukuuzani kuti manyowa alowa m'malo mwa inokulanti akukunamizani. Ntchito yake nkudyetsa zamoyo zomwe zili kale m'dothi. Pa munda womwe ndathira manyowa zaka zingapo ndikufotsera mapesi m'malo motentha, ndikagaula ndimapeza nyongolotsi, dothi limafumbutuka m'manja, madzi amalowa pansi osathamanga pamwamba. Mulinso ulusi wa bowa wopyapyala kwambiri umene umalumikizana ndi mizu ya zomera zambiri padziko lonse lapansi, nkumazitengera fosifolasi ndi madzi kuchokera komwe muzu sufika, chomera nkumaubwezera shuga. Ndi chifukwa chake bowa amene timazula m'nkhalango amamera pansi pa misuku ndi mombo, ndipo mitengoyo ikadulidwa iyenso amasowa. Kabichi, mpiru ndi repu sizichita nawo ubale umenewu. Vuto la manyowa ndi thukuta ndi ngolo, komanso sayankha chaka chimodzi.

Ena mufunsa za Tikolore, mbewu ya soya yomwe inatulutsidwa m'Malawi muno mu 2011, poti imatha kugwirizana ndi tizilombo ta m'dothi lathu. Ndi zoona, ndipo kwa amene ali kutali ndi kogula inokulanti wodalirika ndiyo yotetezeka. Komabe ine ndimaipaka inokulanti, chifukwa sindidziwa kuti m'munda mwanga muli tizilombo tochuluka bwanji. Mbewu zina za soya monga Makwacha, Nasoko kapena Serenade pa munda womwe sunalimidwepo soya, musayese nkomwe kubzala osapaka.

Ndiye ngati ndalama ikukwana chinthu chimodzi chokha, gulani inokulanti, ngakhale anandigwetsa. Koma mugule ngati mukugula anapiye, osati ngati mukugula mchere. Onani pomwe akusungidwa. Tsiku lothera likhale lowerengeka ndi maso anu, paketi isakhale yobooka, ndipo ufa ukhale wofewa osati wouma gwa. Mukafika kunyumba muike pozizira, ine ndimaika pansi pafupi ndi mtsuko wa madzi. Posakaniza musaphatikize ndi feteleza, amawotcha tizilombo. Ndipo soya akayamba maluwa, tengani khasu ndi lezala mukazule mapesi asanu m'malo osiyanasiyana. Mukapeza moyera ngati momwe ndinapezera ine, kauzeni alangizi ndi anzanu a m'gulu msanga, asanabwererenso komwe munagulako.