Kulapa kwa wansembe kapena kulapa pawekha?

Ku Katolika, wochimwa amapita kwa wansembe. Amagwada m'kachipinda kolapiramo, n'kunong'ona zonse zimene wachita. Wansembe amamupatsa mapemphero oti akanene, kenako amatchula mawu a chikhululukiro. Maziko ake ndi Yohane 20:23, pamene Yesu anapatsa ophunzira ake mphamvu yokhululukira machimo, ndipo kuyambira pa msonkhano waukulu wa mabishopu wa Lateran ku Roma mu 1215, Mkatolika amayenera kulapa kosachepera kamodzi pachaka. Chimene chimandigwira mtima ndi chinsinsi chake: wansembe saloledwa kuulula zimene wamva, ngakhale amuopseze ndi ndende. Munthu amatuluka m'menemo atamva ndi makutu ake kuti wakhululukidwa, ndipo kwa mtima wolemedwa zimenezo si zazing'ono.

Ku CCAP amagwiritsa 1 Timoteyo 2:5: mkhalapakati wa Mulungu ndi anthu ndi mmodzi yekha, Khristu. Ukhoza kulapa utagwada pamphasa pako pakati pa usiku, popanda wina wokumva. Koma tchimo likaonekera poyera, monga mimba yapathengo, nkhani imakafika kubwalo la akulu a mpingo, munthu n'kuimitsidwa kudya Mgonero mpaka atabwezeretsedwa. Apa ndiye pamandiwawa, chifukwa kawirikawiri mtsikana ndiye amanyamula manyazi onse, mnyamata ali phee pabenchi.

Pa kupembedzera amasiyananso. Mkatolika amagwira kolona n'kupempha Amayi Maria kuti apempherere ife ochimwa. Wa CCAP amaitana anzake a mumlaga kuti adzapemphere naye, monga Yakobo 5:16 amanenera.