Bravecto kwa galu wodzikanda: mankhwala abwino, koma sathetsa kuyabwa kulikonse

Bravecto ndi piritsi lotafuna la agalu lomwe limapangidwa ndi kampani ya MSD Animal Health. Mphamvu yake ili mu mankhwala otchedwa fluralaner, omwe amalowa m'magazi ndi kupha nthata, nkhupakupa ndi tizilombo ta mphere tikangomuluma galuyo. Piritsi limodzi limateteza ku nthata kwa masabata 12. Limabwera molingana ndi kulemera kwa galu: 112.5 mg kwa wa makilogalamu 2 mpaka 4.5, 250 mg mpaka makilogalamu 10, 500 mg mpaka 20, 1000 mg mpaka 40, ndipo 1400 mg mpaka 56. Muyezeni galu pa sikelo musanagule, mumupatse pamodzi ndi chakudya, ndipo musamaswe piritsi lalikulu kuti ligawidwe kwa agalu awiri.

Chomwe tikuliyamikira kwambiri n'chakuti limathandiza kudziwa gwero la kuyabwa. Mphere za mtundu wa Sarcoptes n'zovuta kuzigwira. Dokotala wa ziweto atha kupala khungu kangapo, kuyang'ana pa maikulosikopu, osapeza kanthu, pomwe tizilomboto tilimo, titaboola njira pansi pa khungu. Galu wotere amadzikanda usiku ndi usana, m'mphepete mwa makutu muli nkhanambo, m'zigongono ndi pamimba ubweya watha. Mukatikita nsonga ya khutu, mwendo wakumbuyo umayamba kupalasa wokha. Nthawi zina anthu a m'nyumbamo nawonso amatuluka tiziphuphu toyabwa m'mikono. Apa kupereka Bravecto n'kuchiza komanso kuyeza nthawi imodzi: ngati pakutha pa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi kukanda kwatha, ndiye kuti zinali tizilombo. Musafulumire kunena kuti lakanika pa sabata yoyamba, chifukwa khungu limapitiriza kuyabwa ngakhale tizilombo titafa kale.

Za nthata n'zosavuta. Galu amadziluma pamsana chakumchira. Pesani ubweya pamwamba pa pepala loyera lonyowa. Timadontho takuda tikasungunuka n'kufiira, amenewo ndi magazi amene nthata zadya. Vuto n'lakuti mazira ndi mphutsi za nthata zimakhala m'fumbi ndi pogona galu, choncho agalu onse a pakhomo alandire mankhwala, masaka ogonera achapidwe. Mphaka ali ndi mtundu wake wodontheza pakhosi, asapatsidwe piritsi la galu.

Pali pomwe ndalama zanu zingapite pachabe. Zipere zimayamba ndi mafangasi, ndipo Bravecto sakhudza mafangasi ngakhale pang'ono. Khungu likamanunkha, lili nanda ndi mafuta, kapena likutuluka mafinya, mabakiteriya kapena yisiti zalowa m'zilonda zomwe galu wadzipweteka yekha. Izi dokotala amaziona pomata tepi pakhungu n'kuiyang'ana pa maikulosikopu, ndipo zimafuna mankhwala awoawo. Galu amene akunyambitabe zikhatho, kukwecha nkhope ndi kupukusa makutu atamwa kale piritsili, kawirikawiri thupi lake ladana ndi chakudya china kapena zinthu monga mungu ndi fumbi. Kuti mudziwe ngati n'chakudya, adye mtundu umodzi wa nyama umene sanadyepo pamodzi ndi chokhutitsa chimodzi kwa masabata 8, osalawa ngakhale mkute wa nsima. Apa ndi pamene eni agalu ambiri amagonjera.

Chinanso chimene chimatiwawa mtima ndi chizolowezi chobaya dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa ndi kuyabwa, galu aliyense wodzikanda. Kuyabwa kumaleka kwa masiku ochepa, koma ngati ndi mphere za Demodex, zomwe zimathothola ubweya mozungulira maso a ana agalu, jekeseniyo imafooketsa chitetezo ndipo matenda amafalikira thupi lonse. Oyilo wakutha wa galimoto, amene ena amapaka galu wodzikanda, nayenso amawotcha khungu, galu akamunyambita amadwala.

Piritsili n'lodula poyerekeza ndi dibi, koma silichoka galu akasamba kapena akanyowa ndi mvula. Agalu ena amasanza kapena kutsekula m'mimba tsiku loyamba. Mu 2018 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza kuti mankhwala a gulu la fluralaner atha kuyambitsa kunjenjemera ndi kukomoka mwa agalu ena, choncho galu wakhunyu ayambe waonedwa ndi dokotala. Mwana wa galu wosakwana masabata 8 kapena makilogalamu 2 asapatsidwe.