Kupeza malire a class mu editor: regex, ctags, Tree-sitter kapena LSP?

Ndinali ndi fayilo ya Java yomwe munthu wina anaunjikamo ma class asanu ndi limodzi. Ndinkafuna kascript ka mu Neovim (editor yochokera ku Vim) kodula class iliyonse n'kukaiika m'fayilo yakeyake. Poyambira class sipavuta kupapeza. Chomwe chinandidyera tsiku ndi pothera pake.

Ndinayamba ndi njira yomwe aliyense amathamangira: kusaka liwu loti `class`, kulumphira pa `{` wotsatira, kenako kudina `%` kuti andifikitse pa `}` mnzake. Ma class awiri oyamba anadulika bwinobwino. Pachitatu zinasokonekera, chifukwa mu comment ina munatsala `}` wosochera, ndipo macro inadula class pakati. Mu Java mulinso zinthu ngati `Order.class`, zomwe regex (pateni yosakira mawu) yolembedwa mothamanga imaziyesa chiyambi cha class. Mutha kuzigamba ndi `searchpair()`, yomwe imalola kudumpha ma comment ndi ma string, koma zigambazo zimangochuluka. Mukafika ku Python, komwe kulibe mabulaketi otsekera, `%` alibenso ntchito.

Ctags, pulogalamu yomwe imalemba mndandanda wa ma class ndi ma function ndi pomwe ali m'fayilo, ndi yachangu ndipo siisankha editor. Onetsetsani kuti ndi Universal Ctags, osati Exuberant Ctags yomwe inaima pa 5.8 mu 2009 ndipo siitchula pothera. Mukaika `--fields=+ne` imakupatsani mzere woyambira ndi wothera, ngakhale si zilankhulo zonse zomwe imatero. Vuto lake imawerenga fayilo yomwe ili pa disk, choncho mukasintha kanthu osasunga, manambala ake ndi akale.

Pomwe ndinakhazikika ndi pa Tree-sitter, yomwe anayambitsa Max Brunsfeld ndipo inalowa mu Neovim 0.5 mu 2021. Iyi siiwerenga zilembo chabe, imamanga mtengo wa code yonse kuchokera pa zomwe zili mu buffer (zomwe zatsegulidwa mu editor, ngakhale zosasungidwa) panthawiyo. Mu Java mumafunsa node (nthambi ya mtengowo) ya `class_declaration`, mu Python `class_definition`, ndipo `node:range()` imabweza manambala anayi: mzere ndi column poyambira, mzere ndi column pothera. Bulaketi wa mu comment uja samuwerengera n'komwe. Class ikakhala m'kati mwa inzake, mumangoona kholo la node n'kudziwa yomwe ili panja. Ngakhale code ikhale yosamaliza, mtengo umamangidwabe, pothyokapo n'kuikapo node ya ERROR.

Misampha yake ilipo iwiri, ndipo woyambawu unandigwira. Manambalawo amayambira pa 0 pomwe mizere ya Vim imayambira pa 1, ndiye ulendo woyamba class iliyonse inatuluka yopanda `}` wake womaliza. Wachiwiri uli ku Python: class ikakhala ndi `@dataclass` pamwamba, decorator ija ili kunja, mu node ya `decorated_definition`. Mukaiwala kukwera sitepe imodzi, imatsalira m'fayilo yakale ili yokhayokha.

Nanga LSP (Language Server Protocol), njira yomwe editor imafunsira server yodziwa chilankhulocho? Protocol imeneyi anaibweretsa a Microsoft mu 2016, ndipo pempho la `textDocument/documentSymbol` limabweza `range` ya class yonse ndi `selectionRange` ya dzina lokha. Ubwino wake, code yanu ndi imodzi pa zilankhulo zonse, simuloweza mayina a ma node. Mu VS Code ndiyo njira yapafupi, kudzera pa `vscode.executeDocumentSymbolProvider`. Koma mumadalira server: jdtls ya Java imatenga kanthawi kuti idzuke, yankho limabwera pambuyo script itapita kale patsogolo pokhapokha muidikiritse dala, ndipo zoti comment yapamwamba pa class ilowe mu `range` kapena ayi, server iliyonse imasankha yokha.

Kwa ine, ngati ntchito ndi yodula kapena kusuntha mizere mu Neovim, Tree-sitter basi. LSP ndimaitenga script ikakhala yoti igwire zilankhulo zingapo server ili kale moyo. Ma class anayi otsala aja ndinawadula ndi mizere ingapo ya Lua, nditawonjezera 1 paja.