Mitengo, chitsulo kapena konkire: mizati ya padoko yolimba inali iti?

Cha m'ma 1900, injiniya womanga jeti yokochezapo sitima ankasankha pakati pa zinthu zitatu.

Mitengo inali yotchipa ndiponso yopirira: sitima ikaugunda, mzati umawerama n'kubwerera, ndipo ukawonongeka mumangozula n'kukhoma wina. Mdani wake ndi Teredo navalis, kanyama ka m'madzi amchere kamene kamafumbula mtengo m'kati kunja kukuoneka bwinobwino, monga achitira nankafumbwe pa chimanga. Pakati pa 1919 ndi 1921 kanagwetsa majeti ambiri ku San Francisco. Angelezi ankachita kuitanitsa mtengo wa greenheart ku Guyana poti kanyamaka sikaukonda.

Pa chitsulo sindichedwapo. Mu 1833 injiniya wa ku Ireland, Alexander Mitchell, anatulukira mizati yoipotokolera pansi m'malo moikhoma, ndipo m'matope ofewa inkagwira ndithu. Koma dzimbiri silinkaipatsa mpata, penti sinkatha.

Konkire wa zitsulo m'kati anabwera ndi mbiri yabwino. François Hennebique wa ku France analembetsa njira yake yomangira konkire wotereyu mu 1892, ndipo L. G. Mouchel, womuimira ku Britain, anaigwiritsa ntchito pa jeti ya Woolston ku Southampton mu 1899. Mizati ankaiumbiratu kumtunda, ikalimba n'kukaikhoma m'madzi. Teredo sangadye simenti, moto sugwira, penti safunika. Otsatsa malonda ankathera pomwepo.

Vuto linatulukira pa kachigawo kamene mafunde amanyowetsa kenako dzuwa n'kuumitsa. Mchere umalowa pang'onopang'ono mpaka kufika pa chitsulo. Chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa, n'kung'amba konkire kuchokera m'kati. Poyamba pamaoneka kamzere kofiirira kotsata chitsulo; pakapita zaka chibenthu chimagwa, chitsulo chili poyera. Amisiri oyambawo ankakuta zitsulo ndi konkire wopyapyala, kawirikawiri wochuluka madzi kuti athirike msanga. Mu 1916 bungwe la mainjiniya a ku Britain la Institution of Civil Engineers linakhazikitsa komiti yofufuza mmene nyanja imawonongera zomanga.

Kwa ine wopambana ndi konkirebe, pokhapokha womanga asaumire. Jeti ya Progreso ku Mexico, imene poyamba inali yotalika pafupifupi makilomita 2, inamangidwa ndi kampani ya ku Denmark ya Christiani & Nielsen pakati pa 1937 ndi 1941 ndi konkire wa zitsulo zosachita dzimbiri, ndipo magalimoto akuyendabe pamenepo. Ina imene anaimanga pambali pake patapita zaka zambiri, ya konkire wa zitsulo wamba, inagwa kalekale, kwangotsala zitsa za mizati.