Mwana apite bodingi ya boma kapena ya pulayiveti?

Ya boma ubwino wake ndi fizi basi, siyiboola mthumba ngati zinazi. Koma simungangosankha nokha ayi, mwana akhoze kaye PSLCE mu Sitandade 8 kenako unduna ndi umene umamusankhira ku Dedza Government, Blantyre Secondary kapena Lilongwe Girls. Ndiye ana ake amakhala anzeru okhaokha, amakokana okha pa MSCE. Vuto ndi kudya, nsima ya nyemba daily, mukapita pa visiting osayiwala chiponde ndi shuga.

Pulayiveti khomo ndi lotsegula bola ndalama, ena amalembetsa entrance. Koma apa samalani abale, zilipo zabwino ndithu komanso zilipo zina zongomanga mpanda wokongola koma mkati labu mulibe, aphunzitsi kusintha teremu iliyonse, mabedi awiri ana atatu, ine ndimati pitani mukaone hostel ndi zimbudzi musanalipire kalikonse. Kamuzu Academy ku Mtunthama, yomwe inatsegulidwa 1981, ndi nkhani ina, kumeneko ndi mayeso a ku UK a IGCSE ndi Latin, fizi yake musafunse.

Wanga atasankhidwa ku boma ndingamusiye komweko, ndalama yotsalayo ndimugulire mabuku.